Mthunzi wa Mtengo ndi Wochira ku Khansa

PHUNZIRO 9

SABATA MASANA

Werengani Sabata Ino: Genesis 2:8-15, 1 Mafumu 19:1-8, 2 Mafumu 20:1-11, Marko 5:25-34, Aroma 8:18-23.

Vesi Loloweza: Marko 6:31.

Ganizo Lotsogolera: Mulungu amene anapatsa madokotala nzeru ndi yemweyo amene analenga mpweya, kuwala ndi mitengo. Wodwala khansa asasiye chipatala chifukwa cha chilengedwe, ndipo wochira asadzimane chilengedwe chifukwa chakuti wachoka ku chipatala.

Kale mawu akuti khansa sanali kumveka kawirikawiri m'midzi yathu. Lero ndi mipingo yochepa imene sinayikepo maliro a mlongo kapena mbale amene anapita ndi nthendayi. Chiwerengero cha mu 2020 chinaonetsa kuti m'Malawi amayi oposa 4,000 anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero m'chaka chimodzi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Dziko lathu lili pakati pa mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi.

Komatu alipo amene akuchira. Mu 2018 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito yolimbana ndi khansa ya khomo la chiberekero ku Blantyre ndi m'boma la Chiradzulu, ndipo amayi ena a m'madera monga Milepa anachitidwa opaleshoni pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha Gulupu, nabwerera kwawo amoyo. Phunziro la sabata ino likunena za anthu oterewa. Opaleshoni yatha, mankhwala atha, achibale amene anabwera kudzazonda abwerera kwawo. Nanga tsopano munthuyo akhale bwanji?

TSIKU LOYAMBA

Mudzi Woyamba wa Munthu (Genesis 2:8-15).

Kodi Mulungu anamuika kuti munthu atangomulenga, ndipo anampatsa ntchito yotani? Genesis 2:8, 15.

Mlengi akadafuna, akadamangira Adamu nyumba ya miyala yokongola koposa ya Solomo. Sanatero. Anamuokera munda, namuika m'menemo kuti aulime ndi kuuyang'anira. Vesi 9 ikunena za mitengo ya m'mundamo, ndipo taonani chimene ikutchula poyamba: kukongola kwake m'maso. Ubwino wa zipatso zake ukubwera pambuyo. Ife tikaona mtengo timayamba taganiza za nkhuni, makala kapena matabwa. Mulungu anadziwa kuti maso a munthu nawonso amamva njala.

Thupi limene linaumbidwa ndi dothi ndi kupatsidwa mpweya m'munda silinaiwale kumene linachokera. Mu 1984 Roger Ulrich anafalitsa zimene anapeza atasanthula mabuku a odwala 46 amene anachotsedwa ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Theka la odwalawo anagona m'zipinda zimene zenera lake linapenya mitengo. Theka linalo zenera lawo linapenya khoma la njerwa. Amene ankaona mitengo anatuluka m'chipatala msanga, pafupifupi tsiku limodzi asanatuluke anzawo, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Odwalawo sanali a khansa, ndipo chiwerengero chawo chinali chochepa. Koma kafukufuku ameneyu anachititsa omanga zipatala m'mayiko ambiri kuyamba kuganizira za minda ndi mazenera.

Mpingo wathu unaphunzitsa zimenezi kale. M'buku lotchedwa The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, Ellen G. White anatchula zinthu zisanu ndi zitatu zothandiza thupi kuchira: mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, kudziletsa, mpumulo, kugwiritsa ntchito thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kukhulupirira mphamvu ya Mulungu. M'buku lomwelo muli mutu wathunthu wonena za kutulutsa odwala kunja, kumene angaone maluwa ndi kumva mbalame.

Ganizirani chipinda chimene munagonekamo wodwala wanu womaliza. Kodi chinali ndi zenera? Kodi linali kutsegulidwa?

TSIKU LACHIWIRI

Nkhuyu za Hezekiya (2 Mafumu 20:1-11; Yesaya 38:21).

Mulungu atalonjeza kuonjezera zaka 15 pa moyo wa Hezekiya, kodi Yesaya analamula kuti pachitike chiyani pa chotupa cha mfumuyo? 2 Mafumu 20:7.

Lonjezo linali litaperekedwa kale, koma mneneri anaitanitsabe mankhwala. Pemphero ndi chithandizo zinayendera limodzi, ndipo Lemba silikuona chachilendo pamenepo.

Pano tiyenera kulankhula mosapita m'mbali, pakuti pali moyo wa anthu. Ena atawerenga za nkhuyu za Hezekiya, ndi za masamba a mtengo wa moyo pa Chibvumbulutso 22:2, aphunzitsa kuti Mkristu wodwala khansa asiye chipatala, amwe madzi a masamba ndi mizu basi. Ena amagulitsa mabotolo a mankhwala otere pa misika, ena pa misonkhano ya misasa pomwe. Chiphunzitso chimenechi chaika anthu m'manda. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya Yale anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti odwala khansa amene anakana chithandizo cha chipatala nadalira mankhwala ena okha, chiopsezo chawo cha imfa chinali chachikulu kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi amene analandira chithandizo. Palibe tsamba, ngakhale la chammwamba kapena la nimu, limene lingachotse chotupa cha khansa. Mphepo ya m'phiri siingalowe m'malo mwa mpeni wa dokotala. Mpingo umene unamanga chipatala cha Malamulo ku Thyolo sungakhale mpingo wouza anthu kuthawa zipatala.

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, ndipo imakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mayi asanamve kupweteka kulikonse. Namwino akapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera, ndipo angathe kuthandizidwa khansa isanayambe. Amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV ali pa chiopsezo chachikulu koposa, chotero ayenera kuyezetsa kawirikawiri. Kuyambira mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Kwa nthawi yaitali ofunika chithandizo cha radiotherapy anali kutumizidwa ku mayiko akunja, ndipo ambiri anamwalira akudikira. Makina oyamba a chithandizochi anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024.

Tsono zonse zimene tiphunzire m'masiku otsatirawa zikunena za munthu amene walandira, kapena akulandira, chithandizo cha chipatala, ndipo akusunga masiku ake okaonana ndi dokotala.

Werengani Akolose 4:14. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kupyolera mwa iye, anayenda ndi sing'anga. Kodi zimenezi zikutiphunzitsa chiyani?

TSIKU LACHITATU

Pansi pa Kamtengo m'Chipululu (1 Mafumu 19:1-8).

Eliya anapempha imfa liti: nkhondo ya pa Karimeli isanachitike, kapena itatha? Yerekezani 1 Mafumu 18:38-40 ndi 19:4.

Moto unali utatsika, mvula inali itagwa, aneneri a Baala anali atagonja. Pamenepo ndi pamene mneneri wa Mulungu anagwa mphwayi. Zimenezi zimachitikanso kwa ochira ku khansa, ndipo achibale ambiri sazimvetsa. Pa nthawi ya chithandizo munthu amalimba mtima, chifukwa pali tsiku la opaleshoni loti alidikire, pali ulendo wa ku Blantyre woti aupezere ndalama. Zonse zikatha, pamabwera kutopa kwa mtundu wina, kosatha ndi tulo, kumene kungathe kukhala miyezi kapena zaka. Maganizo amabalalika, mayi amene anali kusunga mabuku a chuma cha Dorika amapezeka akuiwala chimene analowera m'nyumba. Kupweteka kulikonse kwa m'mimba kumadzutsa mantha akuti nthenda yabweranso. Amene anachotsedwa chiberekero kapena bere amadzifunsa ngati akadali mkazi pamaso pa mwamuna wake, ndipo alipo amuna amene athawa mabanja pa nthawi yotereyi. Pamwamba pa zonsezi a pamudzi amati, mwachira tsopano, khasu lanu ndi ili.

Kodi Mulungu anachita naye bwanji Eliya? 1 Mafumu 19:5-8.

Sanamdzudzule. Sanamlalikire za kuchepa kwa chikhulupiriro chake. Anamlola kugona pa mthunzi, namtumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, namlolanso kugona kachiwiri, namdyetsanso. Pambuyo pake anamuyendetsa ulendo wa pansi kufikira ku phiri la Horebu. Mafunso anadza mneneri atapuma ndi kudya. Mwa mankhwala onse amene Wamphamvuyonse akadasankha, anasankha tulo, chakudya, madzi, mthunzi ndi kuyenda.

Ofufuza a masiku ano afika pafupi ndi pomwepo. Mu 2003 Bernadine Cimprich ndi David Ronis a ku yunivesite ya Michigan anafalitsa zimene anapeza pa amayi 157 amene anali atangopezeka ndi khansa ya m'mawere. Ena mwa iwo anapemphedwa kukhala mphindi 120 pa sabata ali pakati pa zolengedwa: kuyenda pamene pali mitengo, kusamalira maluwa, kupenya mbalame, ngakhale kungokhala pa zenera lopenya munda. Atachitidwa opaleshoni, amayi amenewa anabwezeretsa mphamvu ya kuika maganizo pa chinthu chimodzi kuposa anzawo. Tanthauzo limene ofufuza amapereka ndi ili: nkhawa imakakamiza ubongo kugwira ntchito kosalekeza, pamene kugwedezeka kwa masamba, kuyenda kwa mitambo ndi kulira kwa njiwa zimakopa maganizo popanda kuwatopetsa, ndipo ubongo umapeza mpata wopuma.

Pa za kuyenda umboni ndi wamphamvu koposa. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala khansa ya m'matumbo 889, ambiri a ku Canada ndi Australia, amene anali atamaliza opaleshoni ndi mankhwala. Theka anapatsidwa mlangizi wowathandiza kuchita masewero olimbitsa thupi kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala. Theka linalo anangopatsidwa mabuku a malangizo. Pakati pa amene anali ndi mlangizi, chiopsezo cha imfa chinatsika ndi 37 pa 100 aliyense. Zindikirani kuti magulu onse awiri anauzidwa kuti kuyenda ndi kwabwino. Kusiyana kwake kunali kwakuti gulu limodzi linali ndi munthu woyenda nalo m'ndondomekoyo, wofunsa ndi wolimbikitsa. Timapepala ta malangizo tili nato tambiri m'mipingo. Anthu operekeza ndiwo akusowa.

Mphindi 120 pa sabata ndi mphindi zosakwana 20 pa tsiku. Kodi ndani m'kalasi lanu angapereke mphindi zimenezi kwa wochira?

TSIKU LACHINAYI

Mkazi Amene Anatuluka m'Nyumba (Marko 5:25-34).

Malinga ndi Levitiko 15:25-27, kodi mkazi wa nthenda yotaya mwazi anali kukhala moyo wotani kwa zaka 12?

Lemba silikutiuza dzina la nthenda yake, ndipo sitiyenera kuitcha khansa. Koma mayi aliyense amene wadwala khansa ya khomo la chiberekero adzamzindikira mkazi ameneyu: kutaya mwazi kosalekeza, chuma chothera kwa asing'anga, manyazi, ndi kudzipatula. M'midzi yathu wodwala wotere amagonekedwa m'chipinda cha kuseri, chamdima, chitseko chotseka, china chifukwa cha fungo, china chifukwa choopa malilime a anthu amene amati walodzedwa kapena akulangidwa chifukwa cha chiwerewere. Yesu anayankha kale maganizo amenewa pa Yohane 9:1-3.

Chifukwa ninji Yesu sanamlole mkaziyu kuchoka mwakachetechete atachira? Marko 5:30-34.

Mwazi unali utaleka, koma mkaziyo anali asanabwezeredwe pakati pa anthu. Pomuitana poyera ndi kumutcha mwana Wake wamkazi, Ambuye anachotsa chitonzo chimene nthenda inasiya.

Anthu a m'mizinda ya ku Ulaya amalipira ndalama kuti akafike kumene kuli mitengo. Wokhala ku Milepa angaseke pomva zimenezi, pakuti iye amakhala kunja kuyambira m'bandakucha. Komatu kukhala kunja ndi khasu, msana uli wowerama, mtima uli pa mtengo wa feteleza, ndi kosiyana ndi kukhala kunja kuti upume. Mlimi angathe kukalamba m'munda wa nandolo osaonapo duwa la nandolo. Pamene Yesu anauza ophunzira Ake kuti apenye mbalame ndi maluwa a kuthengo (Mateyu 6:26-30), anali kulankhula ndi alimi ndi asodzi, anthu amene anali kuziona tsiku ndi tsiku koma osazilingalira.

Chotero yalani mphasa pansi pa mango m'mawa, dzuwa lisanakwere, ndipo mtulutseni wochirayo. Sabata yoyamba angafike pa nkhokwe basi. Yachiwiri pa mjigo. Pambuyo pake ku dimba. Mwezi ukatha mwina adzafika pa chulu pamene, tsiku lopanda chifunga, angaone phiri la Chiradzulu mbali iyi ndi la Mulanje mbali inayo. Mpatseni kabedi ka mpiru kapena bonongwe koti azithirira ndi kachitini, osati ndowa. Munthu amene wakhala miyezi akusamalidwa ndi ena amalimba mtima akaona chinthu chamoyo chikudalira dzanja lake.

TSIKU LACHISANU

Chilengedwe Chobuula (Aroma 8:18-23).

Kodi Paulo akufotokoza bwanji mkhalidwe wa chilengedwe pa nthawi ino? Aroma 8:20-22, onaninso Genesis 3:17, 18.

Sitikukhala mu Edene. Anthu a ku Chiradzulu safunika kuuzidwa zimenezi, pakuti mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri, nakokolola mudzi wa Ntauchira. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Alipo pakati pathu amene akaona phiri mtima umagunda, ndipo amenewo tisawakakamize kukapuma m'munsi mwake.

Wochira ku khansa ayenera kulowa m'chilengedwe ndi nzeru. Mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha amachepetsa asilikali a m'thupi kwa kanthawi, kotero kuti matenda amene munthu wina angawapirire angathe kumgwetsa msanga. Asakhale panja madzulo pamene udzudzu wayamba, ndipo agone m'neti usiku uliwonse. Asasambe kapena kuponda m'madzi odikha a m'madambo, mmene muli likodzo. Asagwire manyowa kapena ndowe ndi manja, makamaka ngati ali ndi bala, ndipo asambe m'manja ndi sopo akachoka ku dimba. Khungu limene linaotchedwa ndi radiotherapy limapsa msanga ndi dzuwa, libvekedwe nsalu. Thupi likatentha, kapena mwazi ukayambanso kutuluka, apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale la Sabata (Luka 13:15, 16). Abale athu achialubino, amene khansa ya pakhungu imawabvutitsa kwambiri, kwa iwo dzuwa si mankhwala ayi: asankhe mthunzi wandiweyani, chipewa cha khonde lalikulu, zobvala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu.

Palinso bvuto lina. Boma la Chiradzulu lili ndi anthu oposa 350,000 pa malo ochepa, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala m'manda ndi m'malo owerengeka. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti m'midzi yambiri mthunzi wabwino koposa tausungira akufa. Matchalitchi athu ambiri aima pa bwalo losesedwa bwino, lopanda ngakhale mtengo umodzi, ndipo okalamba amadya chakudya cha masana a Sabata atatsamira khoma kufunafuna kamthunzi. Ife amene timalalikira uthenga wa mngelo woyamba, woitana anthu kulambira Mlengi (Chibvumbulutso 14:7), sitiyenera kukhala ndi mabwalo otere. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mbawa imachedwa, koma mango, mapeyala ndi magwafa amapereka mthunzi ndi zipatso m'zaka zochepa.

Kodi lamulo la pa Genesis 2:15 linatha pamene munthu anatulutsidwa m'munda? Fotokozani yankho lanu.

TSIKU LACHISANU NDI CHIMODZI

Phunziro Loonjezera: Werengani Marko 6:30-32 ndi Salmo 104.

Ophunzira atabwera ku ntchito yolalikira, anthu anawapanikiza kotero kuti analibe mpata wa kudya. Yesu anawatengera pa okha ku malo opanda anthu. Sanawatumize, anapita nawo. Masana a Sabata anapatsidwa kwa ife pa zinthu zotere, koma tawadzaza ndi makomiti ndi mapologalamu kufikira dzuwa kulowa, ndipo wodwala timamuyendera gulu la anthu 20, kudzaza chipinda chake, kuimba nyimbo zitatu ndi kumsiya atatopa koposa mmene tinampezera. Awiri amene angamtulutse panja, nakhala naye chete pa mthunzi kwa theka la ora, angachite zambiri.

Si onse amene adzachira. Alipo amene madokotala anena kuti nthenda yafalikira, ndipo chotsala ndi kuchepetsa ululu. Amenewanso ayenera kumva mphepo ya m'mawa pa nkhope yawo. Mankhwala opha ululu, monga morphine wakumwa, amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo kuwalandira si kusowa chikhulupiriro. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, ndipo sunachoke (2 Akorinto 12:7-9). Tisayese chikhulupiriro cha mbale ndi zotsatira za ku chipatala.

Mafunso Okambirana:

1. Mlongo wina m'mpingo mwanu wapatsidwa tsiku la opaleshoni ku Gulupu, koma mbale wina wolemekezeka wamuuza kuti asale kudya ndi kumwa madzi a zitsamba m'malo mwake. Kodi mudzalankhula bwanji ndi mlongoyo? Nanga ndi mbaleyo? Ndani ayenera kuyamba kulankhula: mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa za umoyo, kapena inu amene mwamva?

2. Amuna a m'kalasi lino ayankhe: mkazi akachotsedwa chiberekero, kodi Aefeso 5:28, 29 akufuna chiyani kwa mwamuna wake pa nkhani ya kutunga madzi, kulima ndi kudikira mpaka dokotala atalola kukhalira pamodzi?

3. Ndi amayi angati a m'kalasi lanu amene anayezetsapo khomo la chiberekero? Sankhani mlongo mmodzi wa Dorika kuti akafunse pa chipatala cha Milepa, kapena chimene muli nacho pafupi, masiku amene amayeza, ndipo adzatiuze Sabata likudzali.